Kusoka buku pamanja ndi msoko wa unyolo

Buku loyamba limene ndinapanga ndi manja anga linafa chaka chisanathe. Ndinasanja mapepala, n'kupaka guluu wa akalipentala kumsana, n'kuvekapo katoni ya bokosi la sopo yokutidwa ndi chitenje. Kuliona linali lokongola ndithu, moti ndinapatsa mayi anga kuti azilembamo za kumunda. Dzuwa la Okutobala litafika guluu uja anauma gwa, msana n'kuthyoka pakati. Pofika Febuluwale, chinyontho cha kuno ku Zomba chitalowa m'nyumba, masamba anayamba kuthothoka ngati nthenga za nkhuku yachitopa. Otsalawo zinamaliza ndi mphemvu.

Amalume anagwirapo ntchito zaka zambiri pamalo ena osindikizira mabuku a mishoni. Nditawaonetsa, analitembenuza kawiri n'kundibwezera. "Mphwanga, apa wangomata mapepala. Buku amasoka." Anandikhazika pakhonde Loweruka lonse, ndipo zimene ndikulembazi zinayambira pamenepo, kuphatikizapo zina zimene ndaphunzira pa mabuku amene ndinawononga pambuyo pake.

Msoko umene ndikuonetseni ine ndimautcha wa unyolo, chifukwa ulusi umakolana kumsana kwa buku ngati tcheni, ndipo sabisa. Si wachilendo kuno ku Africa. Mu 1945 alimi a ku Nag Hammadi ku Egypt anafukula mtsuko momwe munali mabuku 13 a gumbwa olembedwa m'zaka za m'ma 300, ambiri akadali m'zikuto zawo zachikopa. Ochuluka mwa amenewo anali a mtolo umodzi waukulu wa mapepala wopindidwa pakati. Koma Akhristu a m'dziko lomwelo, amene pa Chingerezi amatchedwa Copts, anazoloweranso kulumikiza timitolo tambiri ndi ulusi wokolana, n'kumangirira ku matabwa awiri, n'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amautcha Coptic. Ku Ethiopia sanausiye mpaka lero. Amalemba pa zikopa zambuzi, zikuto n'zamatabwa, ndipo buku amalinyamula m'kachikwama kachikopa kokoleka paphewa. Mabuku a Uthenga Wabwino a kunyumba ya amonke ya Abba Garima, pafupi ndi Adwa, atawayeza anapeza kuti ndi apakati pa chaka cha 390 ndi 660. Ine chimene ndinaukondera n'chakuti kumsana kulibe guluu woti athyoke kapena kudyedwa, buku limatseguka lonse n'kugona pansi osafuna kulipanikiza ndi dzanja, ndipo ulusi ukaduka mumangosokanso.

Zida zake sizovuta. Pafunika rula yachitsulo, pensulo, mpeni wakuthwa wodulira mapepala, bulashi yopakira phala lomatira, singano, ulusi, phula la njuchi, matabwa awiri osalala ndi njerwa zinayi zokulungidwa m'nyuzipepala. Chobowolera changa ndi sipoko ya njinga yonoledwa pamwala, yokhomedwa m'kamtengo, monga amachitira osoka nsapato. Chosalazira popinda ndi fupa la nthiti ya ng'ombe limene amalume anaphika, kulipala ndi kulikwecha mpaka linasalala ngati sopo. Ngati mulibe, kumbuyo kwa supuni kumagwira ntchito, kungoti nthawi zina kumasiya kamzere kotuwa papepala loyera. Singano ikhale yokhota. Tengani yaikulu, muigwire ndi pulayala, muiotche pakati pa lawi la kandulo mpaka ifiire, n'kuipinda pang'onopang'ono. Ndi yowongoka mungasoke, koma mudzatukwana.

Tsopano chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa, chimene chimasiyanitsa buku lomvera ndi buku lamakani. Pepala lopangidwa pa makina lili ndi timaulusi tosaoneka timene tinagona mbali imodzi, monga thabwa limene limang'aluka mosavuta mukatsata kumene mtengo unakulira. Mukapinda motsata timaulusito, pepala limalola. Mukapinda mopingasa, limakana, popindapo pamachita timing'alu, ndipo buku likatha masamba amaima njii m'malo mogona. Kukagwa mvula amachita mafunde kufupi ndi msana. Lamulo ndi limodzi: timaulusi ta pepala, ta katoni, ngakhale ta pepala lomata m'kati mwa chikuto, tonse titsate msana wa buku, kuchokera pamwamba kupita pansi.

Kuti mudziwe kumene tagona, gwirani pepala m'mbali ziwiri, mulikhotetse osalipinda, kenako mulitembenuze n'kuyesa mbali inayo. Kumene likufewa, timaulusi tatsata mphindi umenewo. Mukakayikabe, dulani kachidutswa, mukanyowetse mbali imodzi ndi chala. Kadzipinda kokha ngati ngalande, ndipo ngalandeyo imaloza kumene timaulusi tapita.

Apa ndi pamene pepala la A4 la mu ofesi limapusitsa anthu. Ndi lalitali mamilimita 297, m'lifupi 210, ndipo ambiri timaulusi timatsata m'litali. Ndiye mukangolipinda pakati kuti mupange buku la A5, mwapinda mopingasa. Ine ndimalidula kaye pakati kuti atuluke awiri, kenako n'kupinda theka lililonse. Buku limatuluka laling'ono, la A6, mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, lolowa m'thumba la jekete, koma lomvera bwino. Wofuna lalikulu la A5 agule mapepala a A3, awayese, awadule pakati chimodzimodzi. Pano tipanga laling'onolo. Tengani mapepala 16 a A4 wamba a mu ofesi (olembedwa 80 gsm papaketi), muwadule akhale 32. Muwasanje anayianayi, mupinde gulu lililonse pamodzi, musalaze mphindiwo ndi fupa. Mwapeza timitolo 8, kalikonse ka masamba 16 olembapo, buku lonse masamba 128. Tiikeni pakati pa matabwa, njerwa pamwamba, tigone usiku wonse. Kutsogolo masamba apakati amatulukira pang'ono kuposa akunja. Ena amadula kuti alingane. Ine ndimasiya, chifukwa ndi pamene pamaonekera kuti ndi ntchito yamanja.

Katoni ya zikuto isakhale ya mabokosi yokhala ndi mphako m'kati ija, imabooka ndi ulusi. Yabwino ndi yotuwa yolimba, yokhuthala pafupifupi mamilimita 2. Ine ndimatola mafayilo akuluakulu akale amene maofesi amataya, n'kuchotsa zitsulo ndi pepala lakunja. Dulani ziwiri, iliyonse mamilimita 108 m'lifupi ndi 154 m'litali, kuti chikuto chipitirire masamba ndi mamilimita 3 pamwamba, pansi ndi kutsogolo, koma kumsana chilingane nawo. Musalimbane ndi katoni kuti muidule kamodzi. Yendetsani mpeni mopepuka kasanu kapena kakhumi pamzere womwewo, zala zili kutali ndi mphepete mwa rula. Chipsera chili pa chala changa chachikulu chinachokera pa kufulumira.

Chovala cha buku lathu ndi chitenje, koma chikhale cha thonje lenileni. Sololani kaulusi mukayatse. Thonje limapsa n'kusanduka phulusa, pamene cha pulasitiki chimasungunuka n'kupanga kampira kolimba, ndipo chimenecho phala sichiligwira. Chichapeni kuti sitachi ya kufakitale ichoke, muchisite. Posankha podula, bowolani windo la kukula kwa chikuto pakatoni ina, muziliyendetsa pamwamba pa nsalu mpaka mupeze pamene maluwa akhala bwino. Buku laling'ono silifuna maluwa akuluakulu. Zitenje za misonkhano zokhala ndi nkhope za anthu ndimazipewa, chifukwa pachikuto pamangokwana khutu ndi theka la chipewa.

Nsalu simungaimate pakatoni mwachindunji, phala limabowoleza n'kudetsa kumaso. Imayamba yamatidwa pepala kumbuyo. Phalalo phikani chonchi: supuni imodzi ya ufa watirigu, masupuni asanu a madzi ozizira, sakanizani mpaka mibulu ithe, ikani pamoto wochepa mukutakasa osaleka kwa mphindi pafupifupi 10, mpaka lisiye kuyera n'kuyamba kunyezimira. Likazizira lisefeni pakansalu, mulisungunule ndi madzi pang'ono likhale ngati phala la mwana wakhanda. Limasasa pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho phikani lochepa. Sitachi yachinangwa nayonso imagwira bwino. Mumakwecha chinangwa, kufinyira m'madzi, kusiya kuti zoyera zija zidikhe pansi, n'kuphika zimenezo.

Yalani nsalu chafufumimba pagalasi, muiwaze madzi pang'ono, muisalaze makwinya onse athe. Tengani pepala lopyapyala lopanda zolemba, lokulirapo kuposa nsaluyo. Aja amakulungira nsapato zatsopano m'bokosi ndi abwino, nyuzipepala ayi, inki imaonekera. Lipakeni phala kuyambira pakati kupita m'mbali, muligoneke pansalu, mugogode ndi bulashi youma kuti mpweya utuluke. M'mphepete mwa pepala motsalamo mumamatirira kugalasi, ndipo pouma nsalu imakokeka n'kuwongoka yokha. M'mawa mwake dulani m'mbali n'kumatula. Mupeza nsalu yolimba ngati pepala, yosayoyoka podula.

Dulani nsaluyo ipitirire katoni ndi masentimita 2 mbali zonse. Pomata chikuto ine ndimasakaniza phala lija ndi guluu woyera wa akalipentala, theka ndi theka. Phala lokha limachedwa kuuma ndipo mphemvu zimalikonda, guluu yekha amauma musanakonze polakwika. Pakani kumbuyo kwa nsalu, ikani katoni pakati, tembenuzani n'kusalaza. Pangodya dulani mopingasa, koma musafike pa nsonga ya katoni, siyani mamilimita 3. Mukadula kwambiri ngodya imatsala yamaliseche, mukasiya yambiri pamatupa. Pindani pamwamba ndi pansi poyamba, mukanikize tinsonga ndi chikhadabo, kenako mbali ziwiri zotsalazo. M'kati matani pepala lamtundu lochepa ndi mamilimita 3 mbali zonse. Limeneli si lokongoletsa chabe. Chilichonse chomatidwa chonyowa chimakoka katoni pouma, ndiye mukamata mbali imodzi yokha chikuto chimapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Pepala lam'kati limakokera kwake, n'kulingana. Kulungani chikuto chilichonse m'jumbo yoyera, muike pansi pa njerwa ola limodzi, kenako chotsani jumbo, muike mapepala ouma m'malo mwake, zikhale tsiku lathunthu.

Mabowo ndi asanu. Dulani kapepala kolimba kotalika mamilimita 148, muike zizindikiro pa 15, 35, 74, 113 ndi 133, ndipo mulembe muvi kosonyeza kumutu. Tsegulani kamtolo pakati, mukagoneke m'khwawa la buku lalikulu lotsegula theka, ikani kapepala kaja mumphindi, bowolani molunjika kuti nsonga itulukire pamsana penipeni, osati pambali. Chitani timitolo tonse ndi kapepala komweko, muvi ukuloza kumodzi. Pa zikuto bowolani mamilimita 12 kuchokera kumphepete yakumsana, pa 18, 38, 77, 116 ndi 136. Manambala asintha chifukwa cha mamilimita 3 aja amene chikuto chapitirira.

Ulusi wabwino koposa ndi wa linen, koma kuno ngwosowa. Ine ndimagwiritsa ntchito wathonje wokhuthala wolukira madoilo, n'kuukoka katatu pa phula la njuchi kuti usapotane ndiponso mfundo zigwire. Kandulo siilowa m'malo mwa phula, imangoyoyoka. Wanayiloni wosokera nsapato ndi wolimba zedi, koma umacheka pepala ngati lumo ndipo mfundo zake zimamasuka. Buku ili limadya ulusi pafupifupi mamita awiri ndi theka. Musautenge wonse kamodzi, dulani wotalika ngati mikono yanu itatambasulidwa, ukatha mudzalumikiza.

Ikani chikuto chakumbuyo m'mphepete mwa tebulo, kum'kati kuli m'mwamba, mabowo ali kwa inu. Pamwamba pake ikani kamtolo koyamba. Tsegulani pakati, lowetsani singano pabowo lakumanja kuchokera m'kati kutulukira kumsana, musiye mchira wa masentimita 6 m'katimo. Tsitsani ulusi kuzungulira mphepete ya chikuto, mulowe pabowo la chikuto kuchokera pansi, singano itulukire pakati pa chikuto ndi kamtolo. Kokani mpaka ziwirizo zikumane. Tsopano zungulizani singano kuseri kwa ulusi umene watsika uja, kuti muumange m'chiuno, n'kubwerera m'bowo lomwelo la kamtolo. M'kati mangani mfundo ndi mchira uja. Pitani pabowo lotsatira muli m'kati, tulukani, chitani chimodzimodzi. Mukafika pabowo lachisanu n'kumanga chikuto, musabwerere m'kamtolo komweko. Ikani kachiwiri pamwamba, mulowe pabowo lake limene lili pomwepo.

Kuyambira apa chikuto mwathana nacho kaye. Muli m'kati mwa kamtolo kachiwiri, pitani pabowo lotsatira, tulukani, tsitsani singano yokhota ija idutse kuseri kwa msoko umene uli pakati pa chikuto ndi kamtolo koyamba, ikatulukire mbali inayo, n'kubwerera m'bowo limene munatulukira. Mwapanga mphete yoyamba ya unyolo. Pabowo lomaliza kolani pansi momwemo, koma m'malo mobwerera, kwerani m'kamtolo kachitatu. Pa kachitatu mumakola msoko wa pakati pa koyamba ndi kachiwiri, pa kachinayi wa pakati pa kachiwiri ndi kachitatu, mpaka pamwamba. Unyolo umayamba kuoneka bwino pa kamtolo kachinayi, choncho musataye mtima mukaona ngati zangopiringizana poyamba.

Amalume anali ndi zinthu zitatu zimene ankandimenyera pa dzanja ndi fupa lija. Choyamba, pokoka ulusi kokerani chammbali motsata msana. Mukakokera kwa inu mumang'amba pepala kuyambira pabowo, ndipo kung'ambika kotereko kulibe mankhwala. Chachiwiri, singano izidutsa kuseri kwa msoko kuchokera mbali imodzi nthawi zonse, kaya kumanja kupita kumanzere, ngakhale mzere umene mukusoka ukubwerera. Mukasinthasintha, unyolo umatuluka wokhotakhota. Chachitatu, musabaye ulusi wakale ndi singano pobwerera m'bowo, chifukwa mukaubaya sukokekanso, pamatsala kamphete kolendewera. Za kulimba kwa kakokedwe palibe muyeso, dzanja limaphunzira lokha. Mukamangitsa, buku limayasama kutsogolo osatsekeka. Mukalekerera, limagwedera ngati dzino la nkhalamba. Mukamaliza kamtolo kalikonse, kakanikizeni ndi fupa musanaike kena. Ulusi ukatsala pang'ono, lumikizani watsopano m'kati mwa kamtolo, mfundo ikhale pafupi ndi bowo kuti isadzatulukire kunja.

Povuta kwenikweni ndi pomaliza, chifukwa kamtolo ka nambala 8 ndi chikuto chakutsogolo zimasokedwa limodzi. Mukatuluka pabowo lomaliza la kamtolo ka nambala 7 n'kukola pansi, ikani kamtolo kotsalako ndi chikuto pamwamba pake. Yang'anani kawiri kuti maluwa a chitenje sanazondoke. Ndinasokapo buku lonse la mphatso ya ukwati mbalame za pachikuto zili chadodolido, n'kuzindikira nditamanga kale mfundo. Kwezani ulusi kudutsa mphepete ya chikuto, mulowe pabowo lake kuchokera pamwamba, mutulukire pakati pa chikuto ndi kamtolo, mangani m'chiuno monga poyamba paja, n'kulowa m'kamtolo. Pa mabowo otsatira tulukani, kolani msoko wapansi, kwerani kuchikuto, mangani m'chiuno, bwererani m'bowo. Chikuto chimaterereka nthawi yonseyi, ndiye chipanikizeni ndi dzanja lamanzere kapena ikanipo mwala. Pabowo lomaliza mangani mfundo m'kati kuzungulira ulusi umene wagona mumphindi, kawiri, n'kudula kusiya sentimita imodzi.

Luso lokongoletsa lili ndi malo ambiri pa buku lotere, popeza msana uli poyera. Njira imene ndimaikonda ndi kudula timizere ta pepala lamtundu, masentimita 3 m'lifupi, n'kuveka kamtolo kalikonse kumsana ndisanabowole. Buku likatsekedwa msana umaoneka mizeremizere, wofiira, wachikasu, wakuda, unyolo wa ulusi woyera ukudutsa pamwamba. Tsamba loyamba ndi lomaliza ndimakonda kuika pepala lopangidwa pamanja. Ku Blantyre bungwe la PAMET linatchuka ndi mapepala otere, ena a makungwa a nthochi, ena a ndowe zanjovu. Pepala lapamanja lilibe mbali imene timaulusi tinagona, mungalipinde kulikonse.

Mukazolowera nsalu, yesani chikopa chambuzi chofufutidwa bwino, chopalidwa m'mphepete kuti chipyapyale. Ku British Library ku London kuli kabuku ka Uthenga Wabwino wa Yohane kotchedwa St Cuthbert Gospel, kamene anakapeza m'bokosi la maliro la Cuthbert Woyera ku Durham, ku England, mu 1104, ndipo laibulaleyo inakagula mu 2012 pa mapaundi 9 miliyoni. Ndi kochepa kuposa kathuka, mamilimita 138 ndi 92, kosokedwa ndi msoko wa unyolo womwewu, chikuto cha matabwa ndi chikopa chofiira chambuzi. Mizere yotukuka ya pachikuto chake anaipanga pogoneka tizingwe pansi pa chikopa. Zimenezo mungathe kuchita panyumba. Jambulani chithunzi chosavuta pakatoni, matani chingwe chathonje motsata mizere, chiume, pakani phala pachikopa mpaka chifewe, chiyaleni pamwamba, n'kumakanikiza ndi nsonga ya fupa mbali zonse ziwiri za chingwe mpaka mzere utuluke. Pamafunika kubwerezabwereza kwa theka la ola pamene chikopa chikuuma. Pachitenje sizioneka, maluwa amameza mzerewo. Amene akufuna zikuto zamatabwa ngati za ku Ethiopia apemphe tizidutswa ta mlombwa kwa kalipentala, tipalidwe mpaka mamilimita 5, mabowo aboole ndi kadirilo kakang'ono. Mkungudza wa ku Mulanje ausiye, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mikanda ndi mabatani ine ndinasiya, zimakola m'thumba ndipo buku siligona bwino patebulo polemba.

Mukamaliza kusoka, bwezerani buku pansi pa njerwa usiku umodzi, msana utatulukira kunja kwa matabwa kuti unyolo usaphwanyike. M'mawa litseguleni pakati pa timitolo tiwiri tilitonse. Liyenera kugona lonse, mpata wapakati usapitirire kukhuthala kwa ulusi. Kenako ligwireni pachikuto chimodzi, mulilendewetse. Likasuntha pang'ono palibe vuto, koma chikuto chikatsika n'kupotoka, misoko yakuchikuto ndi yolekerera, ndipo ndi bwino kumasula kamtolo komalizako n'kusokanso lero lomwe phula likadali lofewa. Posunga, mabuku a msoko umenewu agonekeni chogona pashelefu. Akaima nthawi yaitali masamba amalemera n'kukokera unyolo pansi.